ZA PAKHOMO PATHU: CHOFUNDA CHA ZIGAMBA

Mwezi wa Meyi uli pakati, ndipo aliyense amene amalaŵirira kumjigo kapena kuntchito wamva kale kuti mphepo yasintha. Chimanga chaloŵa m'nyumba, ntchito ya kumunda yapepuka, ndipo madzulo anthu ayamba kukhalitsa pamoto. Iyi ndiyo nyengo imene mayi amaŵerenga ana ake, naŵerenganso zofunda zimene zili m'nyumba, ndi kupeza kuti ziŵerengero ziŵirizo sizikulingana. Mwezi uno tikambirana za mayi ameneyo, ndi za chimene singano imodzi ingamchitire chisanu cha Juni ndi Julayi chisanafike penipeni.

BULANGETE LA MLENDO

Mu Julayi 2023 tidapita kukazonda azakhali athu ku Madziabango, m'mudzi wa pafupi ndi msewu uja wochoka ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa. Mukumbukira kuti m'mwezi wa Malichi chaka chimenecho namondwe wa Freddy adasakaza chigawo cha kummwera. Anthu oposa 500,000 adasiya nyumba zawo, ndipo ku Chilobwe, m'tsinde mwa phiri la Soche, matope adakwirira mabanja athunthu. Azakhali athu adali m'gulu la amwayi. Nyumba yawo sidagwe yonse. Lidagwa ndi khoma limodzi la kuchipinda, koma madzi adaloŵera pomwepo nakokolola mphasa, kabokosi ka zovala ndi mabulangete aŵiri, kupita nazo kukhwaŵa.

Pakhomopo azakhali amalera adzukulu anayi: mtsikana amene nthaŵi imeneyo adali ndi zaka 13, anyamata aŵiri omponda pamutu, ndi kamtsikana ka zaka 4. Mayi wawo adatisiya, ndipo bambo wawo adapita ku Johannesburg, kumene ankatumizako kangachepe akapeza ganyu. Adatilandira bwino monga mwa mwambo, natiphikira nsima ya nandolo wamuŵisi. Nthaŵi yogona itakwana adatiyalira mphasa pabalaza, natipatsa bulangete lalikulu lokhuthala. Tidagona tulo tabwino kufikira pakati pa usiku, pamene tidadzidzimuka ndi kulira kwa mwana kuchipinda: "Agogo, andilanda!" Pambuyo pake tidamva kamtsikana kaja kakutsokomola kosalekeza. Kutacha, kunja kuli chiperoni, tidasuzumira kuchipindako ndipo tidaona chimene anawo adafunda usiku wonse: zitenje ziŵiri za agogo awo ndi thumba la feteleza lotumbula.

"Azakhali, mwatichitiranji chotere?" tidawafunsa. "Bulangete limeneli ndi la ana."

Iwo adaseka, nati, "Mwana wa achimwene anga, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ifeyo tidzafunda maŵa."

Mawu ameneŵa adatilasa mtima, pakuti sabata imodzi yokha m'mbuyomo ife tidali titatentha padzala, kwathu m'tauni, thumba lathunthu la zovala zakutha: malaya ong'ambika m'khosi, zovala zogonera zimene ana adazikula, zitenje zosuluka. Tidazitentha poganiza kuti zikungodzaza nyumba, ndi kuti n'zochititsa manyazi kupatsa munthu. Utsi wa thumba limenelo ukadatha kufunditsa ana aŵiri.

Tidagula bulangete limodzi tisanabwerere, pakuti m'thumba mwathu mudali motero. Koma bulangete limodzi silithetsa vuto la ana anayi, makamaka pamene wamkulu ali mtsikana wosinkhuka amene sayeneranso kufunda pamodzi ndi alongo ake. Ndipo m'mwezi wa Novembala chaka chomwecho mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse, kotero kuti chilichonse chogula m'sitolo chidathaŵira kutali. Apa m'pamene tidakumbukira kasokedwe kena kamene mnzathu wina adationetsa, kamene ku America amati rag quilt, ndiye kuti chofunda cha nsanza.

MAKOLO ATHU SADALI OGULA OKHAOKHA

Tisanafotokoze kasokedweko, tikumbutsane kuti kudzipangira chofunda si chinthu chachilendo kuno kwathu. Makolo athu ankasenda khungwa la mombo, nalisula mpaka lifeŵe, kukhala chiwondo. Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankalima thonje, kulipota ndi kuwomba nsalu zawo zolimba zotchedwa machila. Pamene David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire mu 1859, adapeza thonje m'minda ndi anthu akupota ndi kuwomba m'midzi yambiri, ndipo ntchito yowomba idali ya amuna. Nsalu za m'mafakitale zitafika, luso limenelo lidazilala. Kuyambira mu 1967 fakitale ya David Whitehead ku Blantyre idayamba kutiwombera nsalu ndi thonje lathu lomwe, ndipo pambuyo pake kudabwera kaunjika amene wadzaza misika yathu, ku Limbe, ku Lunzu, ku Lirangwe ndi kwina konse. Zovala zidachuluka, koma ife tidaiŵala pang'onopang'ono kuti chovala chikatha nsalu yake sithera pomwepo. Malaya amatha m'khosi ndi m'zigongono. Kumsana amakhala akadali amoyo.

Tidziŵenso ichi: chofunda sichipanga kutentha ayi. Kutentha kumachokera m'thupi la munthu, ndipo ntchito ya chofunda ndiyo kutsekereza mpweya wofundawo kuti usathaŵe. N'chifukwa chake nsalu ziŵiri zopyapyala zosanjikiza zimafunda kuposa imodzi yokhuthala yolemera chimodzimodzi, pakuti pakati pake pamakhala mpweya. N'chifukwa chakenso nsalu yotchedwa fulanelo ili yabwino koposa pa ntchito imeneyi. Fulanelo wa masiku ano kaŵirikaŵiri ndi nsalu ya thonje imene adaipala ndi makina kuti ikhale ndi ubweya wofeŵa, ndipo ubweyawo ndiwo umasunga mpweya. Muipeza pakaunjika m'malaya aja a mizere yopingasana amene alonda ndi anyamata a kabaza amakonda kuvala kukazizira, m'zovala zogonera, ndi m'tinsalu tofeŵa tokulungira makanda.

Ubwino wa kasokedwe kameneka ndi wakuti misoko sibisidwa. Pa zovala zonse tidazoloŵera kubisa msoko m'kati. Pano msoko umaimirira pamwamba, kenaka timaucheka kuti utuluke mphonje zofeŵa. Motero ngakhale munthu wa maso ofooka, kapena mwana wongophunzira kumene kugwira singano, angathe kusoka popanda kuopa kuti kupotoka kwa msoko kudzaoneka. Mphonje zimaphimba zolakwa zonse.

ZOFUNIKA NDI MIYESO YAKE

Mufunika singano yaikulupo, ulusi wolimba, sizasi yakuthwa, mapini, choko kapena khala lolembera, ndi katoni. Pakatonipo dulani kachidutswa kofanana mbali zonse zinayi, masentimita 20 mulitali ndi 20 mulifupi. Akuluakulu amene adazoloŵera mainchi adule mainchi 8. Kachidutswa kameneka ndiko muyeso wanu, ndipo chigamba chilichonse chidulidwe potsata iko.

Chofunda cha mwana wa sukulu chifuna mabwalo 6 mopingasa ndi 8 mulitali, onse pamodzi 48. Popeza bwalo lililonse lili ndi nsalu ya pamwamba ndi ya pansi, mudzadula zigamba 96, ndipo chofundacho chikatha chidzakhala pafupifupi masentimita 105 mulifupi ndi 139 mulitali. Cha munthu wamkulu chifuna mabwalo 9 mopingasa ndi 12 mulitali, ndiwo 108, zigamba 216, ndipo chidzakhala pafupifupi masentimita 156 ndi 207. Musaopsedwe ndi ziŵerengerozi. Malaya amodzi a munthu wamkulu amatulutsa zigamba ngati 10, ndipo chitenje cha mamita aŵiri chimatulutsa pafupifupi 50 ngati chilibe zibowo. Ndiye kuti chitenje chimodzi chakale ndi malaya asanu zikwanira kufunditsa mwana. Zikapereŵera, pitani kwa atelala a pakhonde mukapemphe zidutswa zotsala, pakuti ambiri amangozisesera kudzala.

Kumalo kotentherapo monga ku Chileka ndi ku Lirangwe, nsalu ziŵiri zosanjikiza zikwanira. Kumene chiperoni chimakhalitsa, monga ku Bvumbwe ndi ku Thyolo, onjezani yachitatu pakati, yodulidwa ku bulangete lakutha kapena juzi yakale. Ya pakatiyi idulidwe mocheperako, masentimita 17, kuti isafike mumsoko; ikafikamo singano idzakana kuloŵa.

Sankhani nsalu ya thonje, pakuti ndiyo imatuluka mphonje. Nailoni ndi nsalu zotamuka za masikipa sizituluka mphonje, zimangopindika. Ngati mukukayika, sololani kaulusi kamodzi mukatenthe panja, inu akuluakulu osati ana: thonje limapsa ngati pepala ndi kusiya phulusa lofeŵa, pamene nailoni amasungunuka ndi kusiya kambulu kolimba.

KASOKEDWE KAKE

1. Chapani nsalu zonse ndi madzi otentha ndi sopo musanadule, zofiira ndi zakuda pazokha. Yanikani pachingwe, osati pansi kapena paudzu pamene ntchentche ya mphutsi imaikira mazira, ndipo zikauma muzisite. Kutero kumapha nsabwe ndi nsikidzi za m'zovala za pakaunjika, kumachotsa utoto wotuluka, ndiponso fulanelo amene amakhwinyata akachapidwa koyamba amakhwinyatiratu.

2. Chotsani mabatani, makolala, matumba ndi misoko yakale. Mabataniwo sungani m'kabotolo. Yalani nsalu pamphasa, ikani katoni pamwamba, lembani ndi choko, dulani. Paliponse pamene nsalu yapyapyala kufikira kuona kuŵala mukaiyang'anitsa kudzuŵa, palambalaleni.

3. Tengani zigamba ziŵiri, cha pansi ndi cha pamwamba, muzisanjikize nkhope zake zili kunja, ndipo ngati pali cha pakati chikhale pakatikati. Sokani mzere kuchokera pangodya ina kufika pangodya yopenyana nayo, ndi winanso wodutsana nawo, kuti pakhale chizindikiro chonga chochulukitsira pa masamu. Mizere iŵiriyi ndiyo imagwira nsalu kuti zisaunjikane mbali imodzi pochapa.

4. Mabwalo onse akatha, ayaleni pabwalo losesa bwino kapena pamphasa, muwasinthesinthe kufikira maso anu akondwe. Odera ndi oŵala akatsatana mosinthana amaoneka bwino. Pano itanani ana, pakuti iwo amaona mitundu kuposa ife.

5. Lumikizani mabwalo aŵiriaŵiri motere: mbali za pansi zigundane, ndipo musoke masentimita 1.5 kuchokera m'mphepete, ndiwo ngati kukula kwa chala cha mkombaphala, kotero kuti msoko uimirire mbali ya pamwamba. Osoka pamanja asoke msoko wobwerera m'mbuyo, wothinana, ndi ulusi wopinda paŵiri. Malizani mzere umodzi, kenaka wina, ndipo potsiriza lumikizani mizereyo mwa njira yomweyo. Pamphambano pamene misoko inayi ikumana, gonekani wina uku wina uko kuti pasakhuthale, ndipo bwerezani kusoka kaŵiri.

6. Sokani mzere umodzi kuzungulira chofunda chonse, masentimita 1.5 kuchokera m'mphepete.

7. Tsopano chekani misoko yonse yoimirira ija, ndi m'mphepete momwe, ndi nsonga ya sizasi, motalikirana ngati sentimita imodzi. Lekezani pafupi ndi ulusi wa msoko koma osaukhudza. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa dzanja, ndipo ichitike masana, osati pakuŵala kwa koloboyi.

8. Chapani m'beseni, mukufikisa misokoyo ndi manja kapena ndi burashi yochapira. Yanikani, ndipo chikauma chikung'untheni panja kwambiri. Mukabwereza kaŵiri kapena katatu, mphonje zidzatuluka ndi kufeŵa ngati nthenga za mwanapiye.

Amene ali ndi makina osokera adzamaliza m'masiku oŵerengeka. Amene afuna kupita kwa telala adule ndi kusanjikiza yekha kunyumba kuti mtengo utsike, ndipo amfotokozere telalayo momveka kuti misoko ikhale kunja. Akapanda kutero, dzanja la telala lidzaibisa monga lidazoloŵera. Osoka pamanja asataye mtima. Ku Madziabango, posoka mabwalo anayi tsiku lililonse akatha ntchito zina, chofunda cha mwana chinkatha m'mwezi umodzi. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

ZIMENE TIDALAKWA IFE

Sitifuna kuti muganize kuti zidatiyendera bwino kuyambira pachiyambi. Chofunda choyamba tidachisoka mothamanga pa tchuthi cha masiku ochepa, ndipo tidati kuchapa nsalu zochapa kale n'kutaya sopo. Tsiku loyamba kuchiviika m'madzi, malaya amodzi ofiira a pakaunjika adatulutsa utoto, ndipo zigamba zonse zoyera zidasanduka zotuŵa mofiirira. Fulanelo watsopano amene tidagulako mita imodzi adakhwinyata pamene zitenje zakale sizidakhwinyate, motero chofundacho chidapotoka ngati chikopa chouma padzuŵa. Ndiponso pofuna kumaliza usiku womwewo, tidacheka misoko pakuŵala kwa tochi, ndipo m'malo asanu ndi aŵiri sizasi idadula ulusi. Kutacha kamtsikana kaja kadapisa chala pabowo nikafunsa kuti, "Kodi apa mpolowera mphepo?" Azakhali adangoti, "Kuthamanga sikufika," natenga singano kuyamba kukonza.

Chachiŵiri adasoka okha ndi adzukulu awo, ife kulibe, ndipo chidaposa chathu kutali. Mnyamata wamkulu ndiye ankalemba ndi kudula, pakuti adali ndi dzanja lowongoka, wamng'ono ankaloŵetsa ulusi pasingano popeza maso a agogo ake satha kuona kabowoko, mtsikana ankasoka mizere yodutsana, agogo ankalumikiza.

CHENJEZO KWA MAKOLO

Pali zinthu zitatu zimene sitingazisiye osanena. Choyamba ndi moto. Ubweya wa fulanelo ndi mphonje za chofunda chotere zimagwira moto msanga kwambiri. Nyengo yachisanu ndiyo nyengo imene ana ambiri amapsa, ndipo amene adaloŵapo m'chipinda cha odwala zilonda za moto ku Queen Elizabeth ku Blantyre sadzafuna kuuzidwa kaŵiri. Mwana asaothe moto atadzifunditsa chofundachi, ndipo kandulo kapena koloboyi zisakhale pafupi ndi pogona. Mbaula nayonso isagone m'nyumba yotseka, pakuti makala amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha. Banja lokhala ndi zofunda zokwanira silifunanso mbaula usiku, ndipo chimenechi ndi chifukwa china chosokera.

Chachiŵiri, chofunda cha mphonje si cha khanda. Ulusi woyoyoka ungakulunge kachala kapena kuloŵa m'kamwa, ndipo chofunda cholemera chingatseke mphuno. Dikirani kufikira mwana apitirire chaka chimodzi, ndipo ngakhale pamenepo chikhale chochapidwa kangapo.

Chachitatu, chofunda sichiloŵa m'malo mwa neti yoteteza udzudzu, ndipo sichichiza chifuwa. Mwana wotsokomola amene akupuma mofulumira kapena mobanika apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kumbukiraninso kuti wogona pansi amazizidwa kuchokera pansi. Dothi ndi simenti zimakoka kutentha kwa thupi, motero zigamba zosaoneka bwino zimene mwazipatula musazitaye. Sokani choyala pamphasa.

ZOVALA ZA MALEMU

Pamene nsalu zidayamba kupereŵera, azakhali adatsegula kathumba kamene kadapulumuka pa namondwe chifukwa kadali kopachika kudenga. Mudali zitenje zitatu ndi madiresi aŵiri a mwana wawo, mayi wa ana aja. Zidatsala pamene abale adagaŵana zovala maliro atatha, ndipo kuyambira pamenepo palibe adazivala kapena kuzikhudza.

Nkhani yotere ifuna kudekha. Mabanja amasiyana maganizo pa zovala za malemu. Ena amazisunga, ena amaziopa, ndipo si bwino kuti munthu mmodzi azidule mwa yekha. Azakhali adayamba aitana mwini mbumba, malume wa anawo, namfotokozera. Iye adavomera. Kenaka adafunsa mtsikana wamkulu, pakuti ndiye adawadziŵa bwino mayi ake. Mwanayo adakhala chete tsiku lonse, ndipo madzulo adati, "Agogo, chitenje chobiriŵiracho chikhale pa changa, mbali ya kumutu." Ndi chitenje chimene mayi ake ankaberekera mng'ono wake popita kumunda. Kamtsikana kakang'ono, kamene sikakumbukira nkhope ya mayi ake, tsopano kamaloza chigamba ndi kufunsa, ndipo mkulu wake amakafotokozera. Ife sitinena kuti banja lililonse lichite chomwecho. Tingoti nsalu zimene zikudyedwa ndi njenjete m'sutikesi, ana a mwini wake akugona ndi chisanu, n'zoyenera kuzikambirana.

KWA INU ACHINYAMATA

Tikudziŵa chimene chili m'mitima ya ena mwa inu. Mukuti zigamba ndi chizindikiro cha umphaŵi, ndipo simungapite nacho chofunda chotere kusukulu yogonera komweko, anzanu angakusekeni. Mtsikana wa ku Madziabango uja nayenso adanena zomwezo poyamba. Tamverani tsono. Ku Gee's Bend, mudzi waung'ono wa m'chigawo cha Alabama ku America, amayi akuda, zidzukulu za akapolo, adakhala akusoka zofunda ndi mathalauza akutha a kumunda ndi matumba, chifukwa nyumba zawo zidali zozizira ndipo adalibe ndalama. Mu 2002 zofunda zawo zidaonetsedwa m'nyumba zazikulu za zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo mu 2006 boma la dzikolo lidazijambula pa masitampa a positi. Ku Bangladesh ndi ku India amayi amasanjikiza nsalu zawo zakale ndi kuzisoka kukhala chofunda chotchedwa kantha, chimene lero alendo amachigula pa mtengo wokwera. Amayi onseŵa sadasoke kuti atchuke. Adasoka kuti ana awo agone. Ulemu udawapeza pambuyo.

Ndipo inu anyamata, musanene kuti singano ndi ya akazi. Tanena kale kuti owomba machila adali amuna, ndipo mukayenda m'makonde a masitolo ku Lunzu kapena ku Chileka mudzaona kuti ambiri opalasa makina ndi abambo amene akudyetsa mabanja awo ndi ntchito imeneyo. Mnyamata wodziŵa kuyeza, kudula mowongoka ndi kuŵerengera kuti zigamba zingati zituluka pa nsalu yakutiyakuti waphunzira masamu amene sadzawaiŵala, ndipo wagwira kale chiyambi cha ntchito ya manja. Chochititsa manyazi chenicheni ndicho kukhala ndi lamya ya mtengo wapatali m'thumba pamene mng'ono wako akufunda thumba la feteleza.

ULENDO WACHIŴIRI

Chaka chotsatira, nyengo yomweyo yachisanu, tidapitanso ku Madziabango, ulendo uno titasenza thumba la zovala zakutha zimene tidasonkhanitsa kwa anansi athu. Pachingwe kuseri kwa nyumba padali zofunda zitatu zoyanika, ndipo chachinayi chidali chisanathe, zigamba zake zili m'lichero. Khoma lija lidamangidwanso. Usiku azakhali adatiyalira mphasa pabalaza monga kale, nabwera ndi bulangete la m'sitolo lija. Tidawapempha kuti atipatse cha zigamba, chopotoka chija tidasoka ife. Adakana poyamba, nati mlendo safunda nsanza, koma tidaumirira. Chidali cholemera bwino ndi chofunda, ndipo mabowo asanu ndi aŵiri aja adali otsekedwa ndi ulusi wakuda. Usiku umenewo kuchipinda sikudamveke kulira kwa wolandidwa.

Mayi wina woyandikana nawo adali atabwereka kale katoni ya muyeso, ndipo amayi ena atatu ankakumana pakhonde la azakhali Lachisanu masana, aliyense ndi kathumba kake ka nsanza, nasinthana zigamba kuti mitundu ikwanire. Sizasi idali imodzi yokha, yoyendera nyumba ndi nyumba.

Tsono makolo anzathu, sabata ino tsegulani masutikesi ndi makatoni a pansi pa bedi. Patulani zovala zimene munthu angavalebe, mupatse osoŵa zili zamphumphu. Zotsalazo chapani ndi kudula. Inu a m'tauni amene mulibe nthaŵi yosoka, musatenthe monga tidachitira ife. Tumizani kumudzi pamodzi ndi ulusi, singano ndi sizasi, pakuti zimenezi ndizo zimasoŵa kumeneko. Mukayamba sabata ino, mwana mmodzi adzakhala atafunda Juni asanathe, ndipo wachiŵiri Julayi asanathe. Yambani ndi amene amagona kumphepete, pakuti ndiye amalandidwa.

Amene mudzasoke, tilembereni mutiuze mmene zayendera, ndi zolakwa zomwe, kuti ena aphunzirepo. Mwezi wamaŵa tidzakambirana za kasungidwe ka mbatata ndi mfutso. Tsalani bwino.